Munda wa Masiku Asanu ndi Awiri

Anafika Lachiwiri, nkhungu isanachoke pa zitunda za Beaune,
mnyamata wa nsapato zosadziwa matope,
unyolo wachitsulo paphewa, buku m'khwapa.
Anati: Mayi Gaudillot, ndatumidwa ndi boma.
Munda wanu wa mpesawu ndi waukulu bwanji?

Ndinati: ouvrée zisanu ndi ziwiri.
Anasekera m'mphuno.
Ndinati: mwanawe, ouvrée ndi tsiku la munthu ndi khasu lake,
kuyambira belu la m'mawa mpaka belu la madzulo,
kupatula kanthawi kodya buledi ndi anyezi m'tsinde mwa khoma.
Lazare wanga ankalowa Lolemba cha kumunsi, pa kasupe,
Lamulungu n'kusiya khasu,
Lolemba linalo n'kutulukira kumtunda, pa mulu wa miyala,
malaya atamatirira kumsana.
Muyeso wake ndi umenewo.

Kuchigwa, kwa olima tirigu, amati journal:
pomwe ng'ombe zapagoli zatopera dzuwa likamapendeka.
Mlamu wanga Philibert wa ku Morvan sawerenga masiku n'komwe,
iye amafunsa kuti nthakayo imameza madengu angati a mbewu.
Dambo la udzu amaliyeza ndi chikwakwa.

Mnyamatayo anatambasula unyolo wake, ngwee, ngwee, m'mizere.
Mita iyi, anatero, inadulidwa pa thupi la dziko lenileni.
Anthu ophunzira anawerengera kuchokera kunsonga kwa madzi oundana
kufika m'chiuno mwa dziko, kotentha.
Ilibe mfumu, ilibe mwini.
Ku Paris ndi kuno, n'chimodzimodzi.

Sindinamutsutse.
Ndinali kamtsikana pamene kapitawo wa bwana
ankabwera ndi perche yake,
ndodo yotalika pogula, yofupika pogulitsa.
M'nkhalango za mfumu inali mapazi makumi awiri ndi awiri,
ku Paris khumi ndi asanu ndi atatu,
kwathu kuno asanu ndi anayi ndi theka,
ndipo phazi lakelo linali la mfumu
imene sinapondepo dothi lino.
Dengu la msonkho linkadzaza mpaka kusefukira,
dengu la ngongole ankalipala ndi thabwa.
Bambo anga ankangoyang'ana pansi, chipewa m'manja.
Ayi, zimenezo sindizilira.

Koma unyolo sudziwa chitunda.
Sudziwa kuti mzere wachinayi uli ndi miyala yobuntha khasu,
kuti cha ku kasupe dothi limakana kuchoka pa nsapato,
kuti pakona ya kumpoto chisanu chimafika msanga ngati wangongole.
Kwa iwo zonse n'zosalala ngati tebulo la mlembi.

Anamaliza dzuwa lisanafike paliwombo.
Sabata yathunthu ya Lazare, iye m'mawa umodzi.
Ananyambita pensulo, nalemba:
are makumi atatu, kuperewera pang'ono.
Ndinafunsa: chaperewera n'chiyani?
Anati: kachidutswa, ngati pogona mbuzi ziwiri.
Ndinam'patsa vinyo wa chaka chatha m'kapu yothyoka chogwirira.
Anamwa, natsokomola, nati zikomo.

Chimene sindinamuuze ndi ichi.
Lazare anagona zaka zisanu ndi zinayi zapitazo.
Chaka chatha munda womwewu unanditengera masiku khumi ndi limodzi.
Chaka chino, khumi ndi atatu.
Khoma silinasunthe, kasupe ali pomwe paja,
koma munda ukukula m'msana mwangamu,
ukukula m'mawondo, m'zala zopindika izi.
Mwina boma lachita bwino kufuna muyeso wosakalamba.

Anasiya chikhomo chimodzi pa mulu wa miyala, anachiiwala.
Ndamangirirapo kampesa kamene kanalibe chotsamira.

Mdzukulu wanga Étiennette akabwera kusukulu
amayimba za mita ndi hekitala ngati pemphero.
Ndimamusiya ayimbe.
Koma dzulo, tikutsika, madengu kumsana,
anandifunsa yekha: agogo, kwatsala bwanji kuti timalize?
Ndinayang'ana mizere, ndinayang'ana manja anga.
Ndinati: a agogo ako aamuna, masiku awiri.
Anga, usafunse.