Lachiwiri Usiku, Pamwamba pa Sitolo ya Misomali

Ku Rosario mitengo imakula usiku.
Sindikunena ija ya mthunzi m'mbali mwa Paraná,
ndikunena iyi ndimalemba ndi pensulo
pa mabokosi a misomali
kuti Lolemba ndisavutike kufufuta.
Malemu bambo ankalemba ndi inki.

Lachiwiri ndikatsitsa chitseko chachitsulo
timakwera kuchipinda cha pamwamba, anthu anayi,
pakati pa zitini za penti ndi mipukutu ya waya,
ndi buku limodzi lothothoka chikuto
lomwe Nahuel anatola pa mulu wa mabuku akale kumsika.

Amawerenga ndi iyeyo, chala pamzere,
chipewa cha njinga chili pabondo.
Tsiku lonse amapalasa kuperekera anthu chakudya,
usiku amatiperekera ufulu, ukadali wotentha:
"Thukuta ndi langa. Wotapapo ndisanalole
ndi mbala, ngakhale avale tayi
ndi kundilembera lisiti."

Evaristo amamenya tebulo.
Zaka makumi atatu anakhala mu ofesi ya misonkho
akudinda mapepala a anthu ngati ine.
Lero penshoni yake ikusungunuka ngati mchere pamvula
ndipo walapa, kulapa kwa munthu wochedwa,
kokuwa kuposa kwa tonse.

Ofelia sabwera kudzavomera.
Amafika ndi fungo la chipatala cha boma m'malaya,
nsapato atavula, mapazi otupa pa chitini.
"Bwereza pamenepo. Pang'onopang'ono.
Khanda la usiku wathawu, mayi ake alibe ndi khobidi,
ligulitse chiyani kuti ligule mpweya wa m'botolo?"
"Anthu achifundo alipo."
"Alipo. Ndimawadziwa onse. Sadzaza benchi imodzi."
Kenako amaloza mkono wa mnyamatayo,
uja unathyoka galimoto itamugunda pa msewu wa Pellegrini:
"Pulasitala uja anakulipirira ndani?"
"Ndinalipira kale, mokakamizidwa, pa buledi aliyense."
Onse awiri sakunama, ndipo ndi zimene zimanditopetsa.

Chikho cha tiyi wowawa chimazungulira,
kapaipi kamodzi, pakamwa panayi.
Timalimbana za changa ndi chako
tikumwera pamodzi, wopanda wowerengera mnzake.

Ine ndimakonda tsamba lija lonena
kuti mtengo ndi mthenga:
amayenda wopanda miyendo kuchokera ku mgodi wa chitsulo
kudzandinong'oneza kuti misomali yachepa,
popanda nduna yomutuma.
Nditalimva koyamba ndinakhala ngati wina
wandiona ndili ndekha ndi pensulo yanga.
Koma mthenga wa kuno ndi chidakwa,
amabwera katatu pa sabata ndi nkhani zosiyana.
"Funsa amene amamugulira mowa," Evaristo amatero,
akukupiza ndalama yapepala, yatsopano, yonunkha inki,
yosakwana ndi basi yomwe.

Sabata yatha magetsi anazima tili pa mutu wachisanu.
Mumdimamo Nahuel anati ndi boma,
Ofelia anati ndi umbombo.
Ine ndinatsika mopapasa, ndinabwera ndi kandulo.
Evaristo anaseka: "Delfina, dera lonse lili bii.
Bukuli likuti kandulo yako yakwera. Zingati?"
Ndinayatsa osayankha.
Mutuwo tinaumaliza
mitu inayi itagundana pa kalawi kamodzi.

M'mawa anthu anali pamzere ndisanakweze chitseko.
Makandulo otsala, makumi awiri ndi atatu.
Ogulitsa pikulitsa sankayankha foni.
Pensulo ndinaigwira nthawi yaitali.
Ndinafufuta. Ndinalemba nambala ina,
yaing'ono kuposa imene Nahuel akanalemba,
yaikulu ndithu moti Ofelia atadutsa popita ku ntchito
n'kundikwezera dzanja pawindo,
ndinaimirira kutsogolo kwa bokosilo.