Wotsuka Kalilole

Ndine Ildefonso Tejerina. Zaka khumi ndi zinayi
ndikutsuka diso lomwe sindinasuzumiremo.
Phiri lino la ku Atacama analimeta mpala
n'kukhazikapo chinyumba chotembenuza mutu ngati kadzidzi.
M'katimo mwagona kalilole wa mamita asanu ndi atatu,
wodana ndi fumbi, wodana ndi chala,
ngakhale mpweya wa m'kamwa mwanga amaunyansidwa.
Ndimamupemerera chipale chouma
nditavala zoyera ngati namwino.

Lachisanu kunakwera basi ya ana a ku Toconao,
milomo yong'aluka ndi mchere,
zipewa zolimba zikuwagwera m'maso.
Aphunzitsi awo, mayi Nélida Cutipa, ali wefuwefu,
poti kuno mpweya n'ngoperewera ngati malipiro.
Kamtsikana kena, Rosaura,
kanazungulira chitsulo chonsecho kawiri
kenaka n'kundikoka malaya:
"Nanga diso ndiike pati?"

Palibe poika diso, mwanawe.
Kuwala kukagwera apa kumalowa m'nthambo,
kumasanduka manambala,
mawa lake wina kutsidya kwa nyanja
amakuwerenga akupsontha khofi.

Kanachita tsinya.
"Ndiye kuti wotsuka mbale sadya nawo?"

Madzulo basi inafera pachipata.
Dalaivala ali chagada kunsi kwa injini,
mdima unangoti bii,
kenaka thambo lonse mbuu!
Mayi Cutipa anasolola m'chikwama katelesikopu
ka mwendo womanga ndi waya.
Ana pamzere, ali njenjenje ndi chisanu.

Rosaura sanasamale zowalazo.
Analoza pakuda, pakati pa Mlalang'amba:
"Uyo lama, akuyamwitsa mwana wake.
Maso ndi nyenyezi ziwiri izo, pafupi ndi Mtanda.
Anandionetsa ndi bambo
asanapite kumgodi wa mkuwa."

Ine zaka zonsezi
ndinkayesa pamenepo m'pothimbirira,
malo amene mnzanga wina wa kumwambako
anaiwala kupukuta.

Kumbuyo kwathu chinyumba chija chinaphethira,
chikope chachitsulo chikukwekwereza pang'onopang'ono,
kukatchera kuwala komwe kunanyamuka
phiri lino lisanamere.
Sindinacheuke.
Ndinavula magolovesi, n'kuwapinda m'thumba,
ndinakaima kumapeto kwa mzere,
kumbuyo kwa kamnyamata kamamina,
ndikuwerenga mitu yotsala patsogolo panga:
isanu ndi iwiri,
isanu ndi umodzi,
ndikupemphera chamumtima
kuti injini ichedweko kulira.