Madzi M'kati mwa Boti

Lolemba m'mawa boti lafika pa ngolo
kumbuyo kwa galimoto ya bwana Ositeyizeni,
laling'ono, la aluminiyamu,
loti amuna awiri n'kulinyamula wina akuyankha foni.
Akuti likudontha.
Akuti anali nalo kugombe masabata awiri,
uko mtsinje umakathira m'nyanja ya mchere,
ndipo tsiku lomaliza ankakapa madzi ndi chipewa.

Ndalowamo chogwada.
Pansi pa mpando pali matope akuda osaumitsitsa,
dzanja la nkhanu, mbedza yadzimbiri,
mamba atatu omatirira ngati tindalama takale,
ndi tsamba la mtengo umene sindiudziwa dzina.
Ndatapa matopewo ndi chala, ndanunkhiza.
Alufandika wandiona.
Akuti, Dafuleni, amakulipira kuwotcherera,
kununkhizako ukachitire kwanu.

Pazenera la shedi yathu ku Booysens
ndimaona mulu wachikasu wa dothi la m'migodi,
mawaya, nkhunda, njanji.
Mzinda uno anaumanga pamwamba pa mwala,
mulibe mtsinje woti munthu n'kuitana wa bwato.
Ndiye kuno madzi timawathira m'kati.
Timakweza boti pa matayala anayi,
kulowetsa paipi, kutsegula mpopi,
ine n'kugona chagada pa simenti kudikira dontho.
Bambo anga anakalambira m'dambo la Ndinde
akuchotsa madzi m'bwato ndi chigubu chodula pakati.
Mwana wawo ndimalandira marandi pothiramo.
Akanamva akanatsamwa ndi fodya.

Dontho landigwera pachipumi.
Lina patsaya.
Mng'alu wake ngati tsitsi, pamsoko wakumanzere,
pamene boti linakhula chitsa chobisala m'matope.
Ndazunguliza ndi choko.
Aluminiyamu ndi wamwano:
chitsulo chimafiira kukuchenjeza kuti basi,
uyu amangokhala phee, woyera,
kenaka waona bowo loti chibakera n'kulowa.
Ndagwira mpweya mpaka msoko kutha.

Mwini wake abwera Lolemba linalo.
Loweruka Alufandika anali ndi makiyi a lole.
Akuti boti losayesedwa padziwe ndi beseni.
Mbandakucha tinali ku Wemmer Pan,
bango mbali iyi, mabotolo apulasitiki mbali iyo,
msewu waukulu ukulindima kuseri kwa mitengo.
Nkhafi yathu inali thabwa la paleti.
Ndinaima kumbuyo monga ankaimira bambo
ndipo miyendo inakumbukira yokha,
zaka khumi ndi chimodzi ngati dzulo,
kungoti pansi apa pamalira ngati chitini
ukangosuntha phazi,
nsomba za tsidya lonse kumva kuti mwabwera.

Nyambo inali chiwindi cha nkhuku.
Dzuwa lisanafike pa mulu wa mgodi chingwe chinalemera,
chinandicheka chala, chinapita pansi pa boti,
ndipo anatuluka mlamba wotalika ngati mkono wanga,
diso limodzi loyera, ndevu ina yoduka,
fungo la dizilo.
Alufandika akuti ndiwo za masiku atatu izi.
Ine ndikuti madzi awa ukudziwa kumene achokera.
Iye akuti nanga ife tikupuma mpweya wa kuti.
Tinakangana, mlamba ali gone pa msoko wanga watsopano,
akutsegula kukamwa, kutseka,
pansi pake pouma gwa.
Sipanalowe ngakhale dontho.

Ndinamukankhira m'madzi ndi thabwa.
Alufandika sanandiyankhule mpaka pa maloboti a Rosettenville.

Lolemba bwana wagogoda msoko ndi kiyi, wagwedeza mutu,
wawerenga ndalama.
Akundifunsa ngati ndinakwerapo boti chibadwire.
Ndati, pang'ono, bwana.
Mlamba alibe mamba, sasiya umboni.
Ngolo yatuluka pageti, yakhotera kumsewu wa kum'mawa.
Dzanja la nkhanu lija lili m'thumba la ovolosi yanga,
limandibaya ndikawerama.