Mawu Chikwi Pofika Lolemba

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikupeza mtsempha
pa mikono imene anzanga aitayira mtima,
mikono ya nkhalamba za kuno ku Fargo
zimene zinalima tirigu mpaka khungu kusanduka chikumba.
Chala changa chimawerenga pamene diso lalephera.

Kalata inabwera mu Okutobala, mizere inayi basi:
namwino aliyense akhale ndi digiri zisanathe zaka zitatu.
Dipuloma yanga yakalamba ine ndisanakalambe.
Anasaina ndi Priyanka Raman,
mtsikana amene ndinamuwakha tsiku lake loyamba
akukomoka ataona bala la shuga kuphazi.
Sindimuda. Pondipatsa kalatayo anayang'ana nsapato zake.

Ndiye ndi ineyo, Renae Tollefson, mwana wa sukulu,
magalasi pamphuno, khofi wozizira,
kompyuta pambali pa kabati ya mankhwala,
nthawi ili 3 koloko, wodi yonse ili mkonono.
Kunja chipale chofewa chikukwirira galimoto yanga
ngati nsalu imene timafunditsa womwalira.
Funso la sabata ino:
Fotokozani m'mawu chikwi tanthauzo la chisamaliro,
mutchule mabuku asanu.

Ndalemba mawu khumi ndi awiri. Belu la bedi 14.

Bambo Ostby sakufuna mankhwala.
Akufuna kudziwa ngati ng'ombe zalowa m'khola,
ng'ombe zimene anagulitsa ine ndili ku pulayimale.
Zalowa, ndikutero, zonse, ndi yamawanga yomwe.
Watseka chipata?
Ndatseka.
Ndikutembenuza pilo kuti tsaya lipeze mbali yozizira.
Agona.
Pamenepa nditchule buku liti?

Miyezi yoyamba ndinkaphunzira ndi mkwiyo,
kutafuna tsamba lililonse ngati piritsi lopanda madzi.
Ngongole ya fizi inafika madola zikwi khumi ndi chimodzi.
Duane ankasiya mbatata yowotcha mu uvuni
ndi kapepala: idya kaye, pulofesa.
Mwana wanga Solveig, amene ndinamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato,
ankandiphunzitsa pafoni poika koma ndi poika chaka,
n'kumapumira m'mwamba ngati mmene ndinkachitira ine.

Koma ndinene zoona.
Masamu a ziwerengero, amene ndinkawaopa kuposa magazi,
ndiwo anandigwira pakhosi.
Kwa zaka ndinkadandaula kuti odwala athu amagwa m'bandakucha,
madokotala n'kumangogwedeza mutu akuyang'ana wotchi.
Ndinakhala pansi, ndinawerenga mafayilo a miyezi khumi ndi isanu ndi itatu:
ogwa makumi anayi ndi mmodzi,
makumi atatu mwa iwo atamwa madzulo mankhwala okodzetsa,
akuthamangira kuchimbudzi mumdima, masokosi akuterera.
Ndinajambula mzere umodzi wokwera.
Mawu omwewo amene ndinkanena pakamwa
atavala manambala analoledwa kulowa mumsonkhano.
Tsopano mankhwalawo timapereka masana.
Chiuno cha mayi wina amene sindidzamudziwa
chikadali chathunthu, ndipo iye sakudziwanso.

Zinandikwiyitsa kuti anamvera pepala osati ine.
Zinandisangalatsanso. Zonse ziwiri ndimayenda nazo
m'thumba limodzi ndi sizasi ndi pulasitala.

Belu la bedi 14.
Zalowa, Bambo Ostby. Ndatseka.

7 koloko, ndapereka lipoti kwa a m'mawa.
Ndikupala madzi oundana pagalasi ndi khadi la kubanki,
mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi.
Mawu afika mazana atatu ndi makumi anayi.
Kwatsala makosi anayi, kenako chipewa cha ngodya zinayi
chimene Solveig akuti chidzandikhala ngati thireyi.
Ndikagona maola asanu.
Ndikadzuka ndikafufuza m'mabuku
munthu wina wa dzina lalitali amene analemba kale
kuti nkhalamba imagona ikamva kuti chipata chatsekedwa.
Akapanda kupezeka, ndilemba ndekha,
wina adzatchule ine.