Kaundula wa pa Khomo

Ine ndinali pa khomo ndi buku ndi bolopeni,
mu holo ya ku Kabwata, ija imadontha pakona,
tsiku lokonzekera pelete wa amayi wa mu Malichi.
Wolowa aliyense ndimlembe dzina ndi komboni,
ndimpatse chitenje ndi botolo la madzi.

Analowa makumi awiri ndi awiri.
Kenako Zelipa,
atatsika basi ya ku Matero, nsapato m'manja poopa matope,
wigi itanyowa mbali imodzi.

Zelipa timamudziwa tonse.
Theka la mitu m'holomo inalukidwa ndi zala zake.
Usiku uja Tisauke anathyoledwa nsagwada ndi mwamuna wake,
ndi Zelipa anaimitsa takisi,
nakhala naye pa benchi ya chipatala mpaka tambala,
akumupukuta magazi ndi duku lake lomwe.

Koma Mayi Daka, apampando, anandigwira chigongono.
"Mufunse reji."
Ndipo reji, tonse tikudziwa, imati Yotamu.

"Nkhondo iyi ndi ya akazi," ananong'ona.
"Tinalira zaka kuti tipeze chipinda chimodzi
chopanda mawu a bambo.
Anyuzi akatijambula naye,
nkhani ya ana okwatiwa ali ndi mkaka m'kamwa
yafera pompano."

Ndisaname, mawu awo anali ndi mafupa.
Ndinawaona Mayi Daka akulavuliridwa m'tauni
atanyamula chikwangwani.
Pa nsidze pawo pali chipsera chimene sachifotokoza.

Koma ndinaonanso anyamata a pa siteshoni
akuvula mtsikana siketi, ati yafupika,
ndipo anyamata omwewo, likhweru lomwelo,
anamuthamangitsa Zelipa mpaka m'ngalande,
ati tione wabisa chiyani.
Dzanja long'amba nsalu linali limodzi.

Zelipa sanachonderere.
Anaima pa khomo, madzi akutsikira m'akakolo,
nati, "Ngati malo palibe,
ndikuthandizeni kuyala mipando, ndizipita."
Apo ndi pamene ndinabayidwa.
Ndi mawu amene amayi anga anauza alamu awo
tsiku lija ankatulutsa makama ndi wailesi
bambo asanathe sabata m'manda:
ndikuthandizeni kunyamula.

Bolopeni inali m'dzanja langa,
osati la apampando, osati la abusa.
Ndinalemba: Zelipa, Matero.
Inki inakana pa chilembo choyamba,
ndinaiuzira mpweya, ndinabwereza
mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka.

Atatu anatuluka, koma zitenje anatenga.
Mayi Daka mpaka lero moni wawo ndi wa mutu wokha,
ndipo ndimawasowa, ndisabise.

Zelipa anakakhala kumbuyo,
pafupi ndi ndowa yolandira madzi a kudenga.
Tinakangana za ndalama ya basi, za woyamba kuyankhula,
za amene adzanyamule nsalu kutsogolo.
Ndowa itadzaza
ndinaona iye ndi Tisauke akudzuka osauzana,
uyu mbali iyi, uyo mbali iyo,
madzi akukhavukira pa mapazi a onse awiri
mpaka panja.