Katemera pa Lizulu

Chisanu cha Juni chikuluma zala.
Pabwalo la sukulu agalu ali pamzere,
ena pa chingwe cha khonje, ena pa luzi,
wina pa chubu cha njinga.

Wathu ndi Adzaleka.
Nthiti mutha kuwerenga,
koma akuba kachewere amawadziwa mawu ake.

A Chimbalanga, alangizi a ziweto,
atsegula bokosi lozizira,
atsina khungu la pakhosi.
Kwe! Kamodzi basi.

"Nkhupakupa zonsezi, mwana iwe,
m'makutumu muli msika?"
Ndingoyang'ana pansi.

Galu wa chaka chatha sitinabwere naye,
tinali kudimba.
Za Ndaziona, mlongo wanga,
mmene anayambira kuopa madzi,
sindiwauza.

Kapepala ndakapinda kanayi,
kali m'thumba la pamtima.
Adzaleka akunyambita mwendo wanga.