Zipolopolo Khumi ndi Zinayi

Mu Januwale kuno ku Wisconsin
dziwe la pa famu ya a Lindqvist limauma gwa,
ndipo ine ndimadzitsekera m'galaja,
mbaula yamagetsi ikung'ung'udza kumapazi,
kumanga sitima yankhondo yotalika mkono ndi theka.

Nthiti zake ndi pulayiwudi, ndacheka imodziimodzi.
Khungu lake ndi balsa wopyapyala ngati khoko la anyezi
chifukwa lamulo la kalabu yathu likutero:
sitima yako izitha kubooka.
Ukaimanga yolimba, wabera.

Loretta anandifunsapo kamodzi kokha:
"Miyezi inayi ukupala, ukupaka utoto, ukumata timizinga,
kuti Orrin akaimize tiyi asanazizire?"
Ndinati eya.
Anatseka chitseko, ndinamumva akuseka m'khitchini.

Orrin Vandersteeg, wokonza mafiriji,
dzanja lamanzere losowa chala chimodzi.
Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, Loweruka lililonse la nyengo yotentha,
tinkaima m'mphepete mwa dziwe,
magalasi oteteza maso ali pamphuno,
zala zili pa timitengo ta wailesi,
iye ali duu ngati chimeza chodikira nsomba.
Ankabwera chakumbuyo, pang'onopang'ono,
kenako phwa! phwa! phwa!
gasi kukankha timipira tachitsulo kunsi kwa mzere wa madzi.
Pampu yanga inkalavula kamtsinje m'mwamba,
kulavula, kutsamwa,
mphuno ya sitima n'kudzuka ngati ili ndi funso,
basi mii.
Kachitsekerero ka pa ulusi n'kutsala kakuyandama
kusonyeza pomwe ndikafukule.

Ndinkalowa mpaka m'chiuno,
matope akuyamwa nsapato, atsekwe akundikuwiza.
Kumtunda iye wagwira kale pensulo:
bowo la pamwamba, khumi;
la pamzere, makumi awiri ndi asanu;
la pansi, makumi asanu.
Ankawerenga mokweza ngati msungichuma wa mpingo.
Akatha ankatulutsa guluu wake ndi kapepala kofewa
n'kuyamba kumata mabowo amene waboola yekha.

Mu Novembala mtima wake unaima ali pamakwerero,
akuchotsa masamba m'ngalande ya denga.
Patatha milungu itatu Glenda anaimika galimoto pakhomo panga,
sitima ija ataikulunga m'bulangete la galu.
"Ndikusowa poiika," anatero,
injini osaizimitsa.

Usiku uno ndaiika patebulo pambali pa yanga.
Zigamba mbali yonse, utoto wotuwa mitundu itatu.
Zaka zonsezi ndinkayesa kuti sindimulasa kwenikweni.
Poinyamula, china chake chagubuduka m'mimba mwake.
Ndamasula denga, ndaipendeketsa pa chivindikiro cha chitini:
zipolopolo khumi ndi zinayi,
zokutidwa ndi mkuwa, zachita kale ndere yobiriwira,
zomwe ndimagula ine ndekha ku sitolo ya ku Baraboo
pamene anzanga onse amagula zoyera.

Mwina anangoiwala kuzikhutula.
Koma Orrin sankaiwala kanthu,
ngakhale bowo limodzi la chaka cha mvula yamatalala.

Batire lake lidakali ndi moto.
Ndikakankha kamtengo, chiwongolero chikutembenuka,
kumanja, kumanzere,
kufunafuna madzi mumpweya wonunkha guluu.

Mdzukulu wa a Lindqvist, Annika, wa zaka khumi ndi ziwiri,
chilimwe chathachi ankatinyamulira mabokosi
n'kumafunsa mtengo wa chilichonse.
Dziwe likasungunuka mu Epulo ndimupatsa iyi.
Ndimuonetsa kabweredwe ka chakumbuyo,
ndi polozetsa mzinga, pansi pang'ono pa pomwe diso likufuna.

Ndiye yangayi ndiimalize.
Mbali yakumanzere idakali nthiti zokhazokha,
balsa ndanyika m'madzi kuti afewe,
ndipo nsapato zolowera m'matope zang'ambika pabondo,
mawa ndikagule chigamba.